Mlandu wa Nkhuku ya Abiti Ndembo

Kuseri kwa nyumba yanga ku Msangu
kuli mabedi anayi ndi theka.
Thekalo analanda galu.

Madzi ndimawerenga ngati ndalama za chipepeso:
otsukira mbale amapita ku mpiru,
otsukuluzira zovala ku tomato,
a pampopi enieni, olipira aja,
ndimangowaza pa nazale ya anyezi
m'mamawa, dzuwa la Salima lisanayambe mwano wake.

Koma woyamba kudya sindine.
Nsabwe zimafika popanda odi
n'kumanga mudzi kunsi kwa tsamba la repu,
ana, adzukulu, ndi apongozi omwe.
Ndinasinja masamba a nimu ndi tsabola wa kambuzi,
ndinaponyamo kachidutswa ka sopo,
ndinawaza mpaka woyetsemula ndinali ine.
Zinasamuka Lachiwiri.
Loweruka zinabwerera ndi abale.
Anunkhadala nawo, atatchena ngati a ku ukwati,
amatafuna therere akundiyang'ana m'maso,
ndipo tomato amene ndinamulonjeza Lamulungu
ndinamupeza mbozi italowamo kale, yatseka chitseko.

Mpanda ndinamanga ndi neti yakale ya udzudzu
imene tinkagonamo ndi malemu Nachisale.
Zigamba zake zikuonekabe, za ulusi wobiriwira.
Udzudzu inkautchinga bwino.
Nkhuku ya Abiti Ndembo, ayi.

Nkhuku imeneyo! Yamawanga, khosi lopanda nthenga,
imadziwa tsiku limene ndimakalandira penshoni.
Ikapalasa bedi limodzi, mbande za masabata atatu
zimagona chagada, mizu kuloza kumwamba.
Galu wanga Zilekeni amaiona ndithu.
Amatsegula diso limodzi n'kulitsekanso,
mimba ili pa dothi lozizira limene ndathirira ine.
Usiku ndiye amauwa njinga za kabaza
kuti anthu aziti pano pali mlonda.

Akalulu okha ndiwo sitinayambanepo.
Alipo atatu m'khola la nsungwi, pansanja.
Masamba obooka, amene kumsika angandiseke nawo,
iwo amalandira mphuno zikunjenjemera,
n'kundigwetsera timibulu takuda pansi pa khola
timene ndimakokolola kubwezera m'bedi.
Sagona ndi ngongole amenewo.

Lachinayi lapitali ndinati basi, zakwana.
Ndinavala malaya a kolala, mawu ndinakonzeratu,
ena aulemu oyambira,
ena olemera osungira akakana.
Ndikudutsa pamene nkhwani wayanga, pafupi ndi bafa,
ndinaona kanthu kakuyera pansi pa masamba.
Mazira.
Asanu ndi awiri, limodzi likadali lofunda.

Ndinaima pamenepo nthawi ndithu.
Muli mpiru wanga m'mazira amenewa, ndinatero mumtima,
muli anyezi wanga, muli bilu ya madzi.
Woweruza aliyense angandimvetse.
Koma Nachisale uja ankabweza ngakhale singano,
ankayenda nayo mpaka kutsidya kwa njanji.

Ndinawaika m'chipewa.
Abiti Ndembo ndinawapeza akupeta mpunga.
Anasuzumira m'chipewamo, anayang'ana kolala yanga,
anaseka mpaka lichero linapendekeka.
Ine pano kunamizira ng'azi, anatero,
kani mwana wanga amakachira kwa eni chuma!
Anatenga anayi, atatu anandisiyira,
n'kuwonjezapo njere za bonongwe wofiira m'kapepala.
Mawu olemera aja ndinabwerera nawo m'thumba,
osagwiritsako ngakhale limodzi.

Lero ndasoka neti ija,
ulusi wanga wakuda, wokhotakhota,
kutsata m'mbali mwa wobiriwira uja.
Kumunsi, pangodya ya ku nkhwani,
mwina patsala kabowo kamodzi.
Sindinakaone bwino. Maso akukalamba awa.

Zilekeni wagona pa theka lake.
Akalulu akutafuna za dzulo.
Ndatembenuza tsamba la repu:
zabweranso.